Mayi amene anathawa mthunzi wa bwemba

Panali mayi wina amene ankagulitsa masau m'mbali mwa msewu wotsikira kuchigwa cha Shire. Pamalopo panali mtengo umodzi wokha, wa bwemba, ndipo pansi pake ankakhala awiri, iye ndi mlamu wake. Mphepo ikawomba, timasamba tinkagwera m'malichero mwawo ngati mvula yopanda madzi.

Tsiku lina kwa mlamu uja kunali chinkhoswe. Anaitana amayi onse kukaphika, koma mayiyu anamudumpha. Nthungululu anazimvera kunyumba kwake. Kudumphidwa kumawawa, abale anga. Amene sanadumphidwepo asandiuze kanthu.

Kutacha, mayiyu ananyamula lichero lake, nawoloka msewu, nakakhala tsidya linalo pamtetete.

Mlamu wake anafuula, "Mlamu, kodi mukufuna muume ngati mfutso? Bwererani kuno!"

Iye anati, "Mthunzi wanuwo muitanireni amene munawaitana kuphika."

Dzuwa la kuchigwa silinyengerera munthu. Linamupeza m'mawa, linamukhalira pamutu masana. Miyezi inapita. M'masaya ndi pamphumi munayamba mawanga akuda, ngati malo amene papsa tchire. Akadziyang'ana pagalasi ankaona mlendo.

Ndiye kunabwera wogulitsa wina wa pakamwa potsekemera, mwa awa amene adzaza m'misika masiku ano, osapatsa ndi moni womwe kwa akulu. Anamugulitsa mafuta oyeretsa khungu. Mayiyu ankadzola kunyumba, kenako n'kubwerera padzuwa pomwe paja. Pena panayera mbuu, pena panada bii, ndipo khungu linayamba kunyerenyetsa ndi kusupuka. Anaopa kuti nkhope yake yapita.

Kuchipatala namwino anamuuza kuti, "Mayi, mafutawa tayani, akukudyani khungu. Valani chipewa, khalani pamthunzi. Mawangawa amazilala pang'onopang'ono, koma mukakhalabe padzuwa palibe chimene ndingakupatseni."

Mafuta anatayadi. Chipewa anagula. Koma mthunzi unali umodzi wokha, ndipo pansi pake panali mlamu.

Tsiku lina masana kunatentha mpaka mbalame zinasiya kulira. Mayiyu anayamba kuwodzera. Anaona phula lamsewu litasanduka mtsinje, madzi ake akunyezimira. Pamadzipo pankayandama nkhope yake, yozungulira ngati mwezi, ndi mawanga ake omwe, ikupita kumunsi. Anafuna kuitola koma manja anali olemera. Kenako anaona mthunzi wa bwemba ukunyamuka pamalo pake. Unawoloka mtsinjewo mwakachetechete ngati bwato lopanda wopalasa, unafika pamapazi ake, unakwera m'mawondo, unamufunda kumaso. Mayiyu anamva kuzizira kumene anali atakuiwala.

Atatsegula maso anapeza mlamu wake ataima pambali pake, atatambasula chitenje pamwamba pa mutu wake, thukuta lili kamukamu.

"Mikono yatopa, mlamu," anatero. "Tiyeni, ine sindine mtengo."

Za chinkhoswe sanapepese. Anthu sapepesa, inu mukudziwa. Mayiyu anayang'ana lichero, anayang'ana mtengo, mawu owawa ali kale pamlomo. Anawameza. Ananyamula masau ake nawoloka.

Nkhope sinachire tsiku lomwelo, ayi. Mvula inagwa, inatha, mawanga akuzilala pang'onopang'ono. Limodzi la patsaya lamanzere linatsala mpaka ukalamba wake.

Tsono imvani, ngakhale wonenayo ndi nkhalamba yosapita patali ndi sukulu, imene ena mwa inu mumaiseka ikamawerenga. Chakukhosi ndi dzuwa. Amene unamukwiyira ali phee pamthunzi, akudya masau, koma wopsa ndiwe. Ukhoza kudzola mapemphero m'mawa ndi madzulo, ukhoza kuimba kwaya mpaka mawu kusasa, koma ngati kukacha ubwerera kukakhala pamkwiyo pomwe paja, mawanga a mtima sadzazilala. Mulungu sagulitsa mafuta. Iye ndi mthunzi, ndipo mthunziwo saupereka kwa aliyense payekha. Pansi pake udzapezapo munthu amene anakudumpha. Ukafuna kuchira, woloka, ukakhale naye. Ndipo usachedwe, chifukwa dzuwa likakhalitsa pamunthu limasiya banga limene ngakhale mthunzi suchotsa.