Makaniko Amene Anamata Kanyali

Panali munthu wina pa Dedza, makaniko wodziwika, dzina lake Chikadza. Matenda a galimoto ankawapeza ndi khutu. Ikangolira injini, iye n'kupendeketsa mutu, basi watchula chavuta. Zaka makumi atatu sananenepo mawu akuti "sindikudziwa," ndipo ankanyada nazo.

Tsiku lina kunabwera Mayi Nangondo, mphunzitsi, ndi galimoto ya otomatiki, yosintha yokha magiya. Kanyali kochenjeza kanali katayaka pa dashibodi.

"Bambo Chikadza, mtima wanga uli m'mwamba," anatero mayiwo. "Masana ano ndikukatula amayi anga ku Golomoti, angotuluka kumene m'chipatala. Wina akuti chavuta m'galimotomu ndi tebo, wina akuti giyabokosi. Tandiuzeni zoona."

Chikadza anatsegula boneti n'kutchera khutu. Tebo, chopopera mpweya mu injini, inkaimba kamluzu kake bwinobwino. Injini inalibe chifuwa. Anayendetsa galimotoyo mpaka kumsika n'kubwerera, koma sanamve kanthu. Kanyali kaja kali ngwee, kumuyang'ana.

Apa mantha anamugwira. Tsidya la msewu kunali makaniko mnzake, Malizani, mwini kompyuta yoyezera galimoto zamakonozi. Koma Chikadza ankamuseka poyera kuti ndi dokotala wa mawaya. Akayambira pati kukagogoda kumeneko, amakaniko onse akuona? Paja amati manyazi anapha lambe.

Mayiwo atapita kukagula zipatso za wodwala, iye anamasula dashibodi, n'kumata tepi yakuda pa kanyaliko kuseri kwa galasi. Kanyali kanasowa.

Mayi Nangondo atabwerako anawomba m'manja. "Ambuye akudalitseni! Sabata yonseyi ndakhala ndikuyenda ngati kamba chifukwa cha kanyali kameneka. Ndimati ndizungulire njira yaitali ya ku Balaka. Tsopano ndingotsika pa Khwekhwerere, mtima uli m'malo."

Msewu wa Khwekhwerere Chikadza ankaudziwa: makona okhaokha, phompho kumbali. Anaona m'maganizo mwake gogo wodwala atatsamira pampando wakumbuyo. Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo kuti ituluke pa galaja.

Itafika pageti, Chikadza anathamanga n'kumenya boneti ndi chikhatho.

"Imani, mayi! Sindinakonze kanthu. Kanyali kaja ndangokamata. Chavuta sindikuchidziwa."

Wina mwa anthu a pagalajapo anaseka chapansipansi. Chikadza anamatula tepi ija anthu akuona, ndipo anayenda wapansi kutsogolo kwa galimotoyo mpaka kwa Malizani. Kompyuta inaloza ku giyabokosi, kuti mafuta ake akutentha mopitirira. Atasuzumira pansi anapeza kapaipi kong'aluka, kakudontha pang'onopang'ono. Malizani anati pamtsetse ngati wa Khwekhwerere uja magiya akanasiya kugwira, mabuleki n'kupsa.

Mayi Nangondo sanabwererenso kwa Chikadza, ndipo nkhaniyi inamulanda makasitomala ambiri. Koma gogo uja anakafika kwawo ku Golomoti mawa lake, pa njira yomweyo.

Tsono inu akulu ampingo, aphunzitsi, ankhoswe, anthu amabwera kwa inu kanyali katayaka mumtima. Mukasowa yankho, musawauze kuti zonse zili bwino pofuna kusunga dzina lanu. Mayi uja ankatetezedwa ndi nkhawa yake yomweyo. Mukamuchotsera munthu nkhawa vuto mutalisiya, mwamutumiza pa Khwekhwerere ndi manja anu. Nenani kuti simukudziwa, ndipo muwoloke naye msewu.