Sefa ya a Gerishomo

Pakhomo pa a Gerishomo ku Kachulu panali mlongoti wa nsungwi wotalika kuposa mtengo wa mango, ndipo waya wake unkalowera pawindo mpaka pa wailesi yolankhulirana imene anaphunzira kwa wansembe wina ali mnyamata. Anthu ankawaseka kuti masiku ano a foni munthu n'kumalimbana ndi chibokosi. Koma kumene ankakhala mkulu wawo, a Lyson, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa mkati mwa Mozambique, netiweki siifika. M'mimba mwa mayi awo anatsala awiri okha, ndipo Lamulungu lililonse nthawi ya 4 koloko ankachezerana pa wailesipo.

Chaka chimenecho a Lyson anayamba chifuwa, mawu n'kumachepa. Nako ku Kachulu masola ndi malo otchajira foni anachuluka, moti wailesi inkangosokosa ngati mvula pa malata. A Gerishomo, munthu wa mtima wapachala, zinawakwana. Anapita ku Songani kwa Amidu wokonza mawailesi kukafuna sefa, kachipangizo kotchinga phokoso n'kusiya kampata koti mawu adutse. Anasankha yothina kuposa zonse.

"Bambo, imeneyo ndi ya anthu otumizirana tizizindikiro ta ti-ti-ti," anachenjeza Amidu. "Mawu a munthu sakwanamo bwino. Komanso mwati wailesi ya achimwene anu ndi yakale. Zoterozo zikatentha zimasuntha pamalo pake. Mukathinitsa chonchi muwataya."

"Iwe, ine ndinayamba kugwira wailesi amako asanakwatiwe," anatero a Gerishomo. "Kulunga ndizipita."

Atailumikiza kunyumba, ha! Phokoso lonse lija zii. Anaitana akazi awo, a Dailesi, kuti adzamve ukhondo wake. Lamulungu litafika anakhala pampando ataumwetulira.

"Achimwene, achimwene, ndine Gerishomo. Mukundimva?"

Chete. Anaitana mpaka dzuwa kupendeka, osamva ngakhale kutsokomola.

Sabata yotsatirayo anagwetsa mlongoti, napala dzimbiri pa mfundo zonse za waya. Anasintha batire. Anakumba pansi n'kukhomanso chitsulo chatsopano. Munthu wamkulu anakwera padenga anthu akuona, thukuta lili kamukamu. Chilichonse anachikayikira, kupatula kanthu kamodzi kamene anasankha yekha.

"Bambo, si vutoli layamba tsiku limene munaika kanthu kanuko?" anafunsa a Dailesi akutembenuza matemba pathandala. "Tachotsani tione. Alamu aja akudwala, paja."

"Amayi, inu dziwani za nsomba zanu. Mukufuna ndibwererenso m'phokoso lija, Amidu azikandiseka ku Songani?"

Zowoloka nyanja panalibe. Madzi anali ataphwa, maboti akuthera m'matope kutali ndi gombe, ndipo njira yozungulira inali ya masiku. Nkhawa inawadya a Gerishomo, koma nkhawa ya munthu wouma mutu imatulukira mu ukali. Lamulungu lachinayi anagwira cholankhulira n'kukalipa.

"Achimwene, ngati mwanyada, nyadani! Ine ndatopa kulankhula ndi mphepo. Mukandifuna mudzandipeza."

Anazima. Lamulungu lachisanu sanayatse n'komwe. Anakhala pakhonde kuyang'ana matope a nyanja ija, chakudya osachikhudza.

Lamulungu lachisanu ndi chimodzi, a Dailesi ali kudoko, a Gerishomo anatseka chitseko ngati wakuba m'nyumba yake yomwe, namasula sefa ija. Phokoso linabwerera lonse, la masola, la ziphaliwali zakutali. Ndipo mkati mwa phokosomo, pambali pang'ono pa malo a masiku onse, munali mawu a munthu wamkazi otopa ndi kuitana.

"Bambo aang'ono, bambo aang'ono, ndine Leah, mwana wa a Lyson."

"Leah! Ndakumva, mwana wanga! Abambo ako ali kuti? Apatse ndilankhule nawo."



"Tinawaika m'manda Lachinayi lapitali," anatero Leah. "Ife timakumvani bwinobwino masabata onsewa. Mukaitana, ababa amayankha, timachita kuwadzutsa pamphasa n'kuwagwirizira. Amakuwa mpaka magazi kutuluka pakamwa, inu osamva. Tsiku lija munati anyada, analira ngati mwana. Lamulungu latha anadikira mpaka mdima. Anati ndisasiye kuitana mpaka ndikuuzeni kuti sananyade."

A Gerishomo anatola sefa ija n'kuiyang'ana. Sefa imatchinga zolowa zokha, zotuluka siiletsa. Mawu awo onse anawoloka nyanja, ndipo omaliza amene mkulu wawo anapita nawo kumanda anali achipongwe aja.

A Dailesi anawapeza atakhala pansi, kachipangizo kaja kali m'manja, wailesi ikusokosa. Sananene kuti ndinakuuzani. Anatula dengu n'kuyamba kulira maliro amene anali atatha kale kutsidya.

Mpaka lero, ikakwana 4 koloko Lamulungu, a Gerishomo amayatsa wailesi ija n'kukhala m'phokoso limene ankadana nalo, khutu lili tcheru, koma amene akuwafuna mulibemo. Amati akanalola kusokosa konseko moyo wawo wonse kuti amveko chifuwa chokha cha mkulu wawo. Mawu a m'bale ankabwera atakulungidwa m'phokoso, iwo anafuna mawu okhaokha, n'kutaya zonse. Paja akuluakulu anati walira mvula, walira matope.