Shoko Yodontha ya Yotamu

Panali munthu wina kumapiri, dzina lake Yotamu, amene ankadya za kabaza wa njinga yamoto. Mudzi wawo unali pamwamba, chipatala chili kunsi kuchigwa. Pakati pake panali msewu wamiyala wokhotakhota, uku phiri, uku phompho. Yotamu ankaudziwa msewuwo ngati njira ya kumunda kwake.

Tsiku lina akupukuta njinga anaona kuti shoko imodzi ya kutsogolo yanyowa. Mashoko ndi miyendo iwiri yachitsulo ija imagwira tayala la kutsogolo. M'kati mwake mumakhala oyilo, ndipo pakamwa pake pali kamphira kotchedwa silu, kotsekera oyiloyo kuti asatuluke. Fumbi likadya kamphirako, oyilo amayamba kutsetsereka ndi mwendo.

Makaniko wa pamsika anangoyang'ana kamodzi.

"Achimwene, silu yatha iyi. Oyiloyu akulowera ku buleki. Bwerani nayo timasule."

"Ndamva. Ndibwera Lolemba."

Malolemba anadutsa ambirimbiri. Yotamu ankaona kuti kuimika njinga n'kutaya tsiku, anzake akunyamula anthu ake iye ali khale pa benchi ya makaniko.

Tsono pa siteji ya kabaza pali nzeru yakeyake. Shoko ikayamba kudontha, amang'amba nsanza ya chitenje n'kuimanga pamwendopo. Nsanza imamwa oyilo, diso siliona kanthu, mtima n'kugona. Ena amachita kusankha nsalu yowala, mlendo n'kumayesa ndi zokongoletsa njinga. Yotamu naye anapempha chitenje chakutha kwa mkazi wake, Esinala. Nsanza ikada, ankataya n'kumanga ina.

Musaganize kuti anali chitsiru. Ankadziwa bwino lomwe chimene nsanzayo inkabisa. Akamatsika phiri, mtima unkagunda pokhota paliponse, m'manja muli thukuta. Koma akafika kunsi bwinobwino, mantha aja ankawaseka, n'kumati makaniko amakonda kuopseza anthu.

Esinala anali ndi pathupi, mwana wawo woyamba. Anagwirizana kuti mwezi ukakwana adzatsika kukadikirira kuchipatala. Koma matenda anayamba mwezi usanakwane, m'mawa wa tsiku la msika, akabaza onse atapita kutali kuseri kwa mapiri. M'mudzi monse munatsala njinga imodzi, ya Yotamu.

Anakwera atatu: iye kutsogolo, Esinala pakati, apongozi ake, mayi a Esinala, kumbuyo atamufungatira mwana wawo. Pamtsetse woyamba, waung'ono chabe, Yotamu anafinya buleki ya kutsogolo. Tayala linangopitirira ngati sanaligwire. Anafinyanso. Palibe. Anaponda ya kumbuyo, njinga n'kuyamba kuvina pamiyala, mpaka anachita kuimitsa ndi mapazi, nsapato zikukwekwereza pansi.

Anasuzumira. Nsanza inali itakhuta, oyilo atadutsa, buleki yonse ili noninoni. Anadzutsa maso. Patsogolo pake msewu unagwera pansi n'kukhotera kumanzere, ndipo kupitirira pokhotapo kunalibe china koma mlengalenga.

Mkamwini sayankhulana ndi apongozi maso ndi maso. Mayiwo anafunsa akuyang'ana kuthengo.

"Taima bwanji, bambo?"

"Buleki sikugwira, amayi."

"Yangoyamba lero?"

Mantha amene Yotamu anawazemba miyezi yonse ija anamupeza pamodzi. Akatsika pa liwiro, anthu atatu pa buleki imodzi, akhoza kukathera kuphompho onse, ndi wosabadwayo. Akachedwa, Esinala anali atayamba kale kutaya magazi.

Yotamu anazimitsa injini n'kutsika. Anamukhazika Esinala cham'mbali pampando, apongozi atamugwira m'mapewa, iye n'kugwira mahandulo. Anasiya njinga m'giya kuti izidzigwira yokha, n'kuyamba kuitsitsa wapansi, phazi ndi phazi.

Ulendo umene ankautha madzi a tiyi asanawire unawatengera m'mawa wonse. Njinga inkamukokera kuphompho, iye akuikokera kuphiri. Dzuwa linakwera. Esinala ankabuula, kenaka kubuula kunachepa, ndipo zimenezi zinamuopsa Yotamu kuposa kubuulako. Pokhota paliponse ankatchera khutu kuti mwina amva galimoto. Kunalibe.

Denga la chipatala litayamba kuoneka patali, apongozi anati, "Imani. Nthawi yakwana."

Amayi ena otola nkhuni anathamangira pomwepo, natchinga ndi zitenje pansi pa mtengo. Yotamu anauzidwa kuti apite uko, pakuti mwamuna saima pamalo otero. Anakaima kuseri kwa thanthwe, manja ali kumutu. Ankadikira chinthu chimodzi chokha, kulira kwa khanda. Anamva mawu a amayi akulimbikitsana. Anamva mawuwo akutsika. Kenaka kunangoti zii.

Anadikirabe. Mbalame zinkalira, mphepo ikuwomba mu udzu, koma chimene ankafuna kumva sanachimve. Mayi wina wachikulire anabwera, nagwada chapatali.

"Mkazi wanu ali moyo. Mlendo uja wabwerera."

Esinala anachira kuchipatala. Khandalo anakaliika amayi okhaokha mwakachetechete, monga mwa mwambo, ndipo bambo wake sanalione nkhope. Kaya akanafika msanga mwanayo akanakhala ndi moyo, palibe angadziwe. Funso limenelo Yotamu amagona nalo ndi kudzuka nalo.

Sabata yotsatira anakankha njinga mpaka kwa makaniko. Makaniko anamasula tayala, nasolola mwendo, nakhuthula oyilo wakuda. Anachotsa silu yakutha, nakhomera yatsopano, nathira oyilo wina, nasintha ndi za buleki zomwe. Yotamu anali atakonzeka kukhala pa benchi mpaka madzulo.

"Yatha, achimwene."

Anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali lisanafike n'pamutu pomwe. Apa m'pamene analira, pamaso pa anthu onse a pamsika.

Inu amene mukundimva, akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Aliyense wa inu ali nacho chimene chikudontha, m'nyumba, m'thupi, kapena pakati pa iye ndi mbale wake, ndipo mukuchidziwa, pakuti mantha amakutsinani mukamachidutsa. Musawatontholetse mantha amenewo. Konzani lero, pamene palibe amene akubuula kumbuyo kwanu. Tsiku lotsika phiri simudzasankha ndinu, ndipo pampandopo simudzakhala nokha.