Wodwala Amene Anagonekedwa Chafufumimba

Panali mayi wina, dzina lake Nangondo, amene mwamuna wake anadwala chibayo choopsa chopatsirana. Atayamba kubanika, achipatala anamulowetsa paipi kukhosi, makina n'kumamupumira.

Tsiku lina Nangondo anasuzumira pagalasi la chipinda cha odwala mwakayakaya. Anaona mwamuna wake atagonekedwa chafufumimba, dokotala akuyendetsa kachipangizo kachingwe pamsana pake, maso ali pakanema. Munthu wobanika n'kumugonekeranji chifuwa pansi? Nanga chingwecho chinkakoka chiyani m'thupimo?

Alamu ake anati nkhaniyo inali yosachita kufunsa: m'zipinda zotere amapopa anthu magazi, ndipo amawatembenuza kuti abale asaone nkhope ikufota. Anati galimoto aipeza kale, iye angokauza achipatala kuti wodwalayo atuluke. Nangondo akakana, maliro adzakhala pamutu pake.

Nayenso Nangondo sankawakhulupirira anthu a m'chipindamo. Ankalankhulana motsitsa mawu, ndipo akamuona ankafulumira kumwetulira. Komabe anakaima pakhomo mpaka dokotala uja anatuluka.

"Adokotala, ine sindikukukhulupirirani. Mundionetse chimene mukuchita pamsana pa amuna anga."

Dokotalayo anamuveka zodzitetezera n'kulowa naye. Nangondo anapempha kuti kachipangizoko akaike kaye padzanja lake. Kanalibe singano, kanali kozizira chabe. Kenako dokotalayo anamuonetsa mapapo pakanema paja, mbali yakumsana ili mbuu. Anafotokoza kuti kumeneko kwadzaza madzi, ndipo munthu akagona chagada thupi lake lomwe limakupsinja, koma akamutembenuza kumatseguka, mpweya n'kulowa.

Sanamvetse zonse, ndipo chikayiko sichinamuthere. Koma atawerama anaona kuti milomo ya mwamuna wake, imene inali itada bii, yabwerera mwakale. Anatuluka n'kuuza alamu ake kuti galimoto ibwerere yopanda munthu.

Alamuwo anasiya kumuyankhula. Ngakhale pamene mbale wawo anafika kunyumba, wowonda, akuyenda ndi ndodo, iwo ankati wangopulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Inu amene mukumva, kukayika si mlandu, pakuti ndani angaone wake ali chafufumimba mtima n'kukhala m'malo? Koma chikayiko chanu muzipita nacho kwa amene mukumukayikirayo. Mukapita nacho kwa wokayika mnzanu, adzakupezerani galimoto.