Kabelu ka Galimoto Yoyenda Mwakachetechete

Panali munthu wina ku Chilomoni amene anatopa nayo mizere ya petulo. Anapita kwa wogulitsa magalimoto, ndipo anamuonetsa awiri osamwa petulo: ina ya gasi, ina ya magetsi.

Munthuyo anawazungulira ngati akugula ng'ombe. Ya gasi inali ndi thanki kumbuyo, ndipo injini yake inkamveka uli patali. Iye mumtima anati, thanki iyi ikadzaphulika ndidzasanduka kanyenya. Ya magetsi inali ndi malamba olimba, mabuleki ogwira msanga, ndi matumba a mpweya ofufuma pangozi kuti mutu usamenye chiwongolero. Anasankha imeneyo.

Wogulitsa anati, "Bwana, iyi ikamayenda simveka. N'chifukwa chake anaiika kabelu kolira mukamayenda pang'onopang'ono kapena kubwerera m'mbuyo. Kameneka si kanu, n'ka anthu oyenda pansi. Musadzakachotse."

Kunyumba kwa munthuyo kunali bambo ake, amene maso awo anafa kalekale. Madalawo ankayenda ndi makutu. M'mawa uliwonse ankaothera dzuwa pampando, pomwe galimoto imatulukira, ndipo akamva injini ya galimoto yakale ankakoka mpando wawo n'kupatuka. Kabelu kaja anakazolowera tsiku lomwelo.

Koma anzake a pabawo anamuseka. "Aise, wagula galimoto kapena njinga ya aisikilimu?" Manyazi anamugwira. Ndiye onani uchitsiru wa munthu wamkulu wandevu zake. Malamba sanawakhudze, matumba a mpweya sanawakhudze, poti izo zimateteza khungu lake. Anapita kwa makaniko n'kudulitsa waya wa kabelu basi. Bambo ake sanawauze.

M'mawa mwake anachedwa kuntchito. Anamanga lamba bwinobwino, n'kubweza galimoto mwaliwiro. Sanacheuke n'komwe, poti anazolowera kuti madala amapatuka okha. Galimoto inabwerera ili zii. Madala anali pamalo pawo, nkhope kudzuwa, akudikira kabelu.

Galimoto inawagunda. Mwana wawoyo anatuluka wopanda ngakhale kabala. Bambo ake anathyoka chiuno ndipo sanadzayendenso. Ali chigonere m'chipatala anamufunsa funso limodzi lokha: "Mwanawe, bwanji lero sikanalire?"

Nkhaniyi imandikwiyitsa, abale anga, chifukwa galimoto ija inalibe mlandu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo munthuyu anatsinidwa khutu masanasana, koma anaopa kuseka kwa anzake kuposa ngozi ya bambo ake. Nanunso mukamasankha zokutetezani mumangoona mpando umene mukhalepo. Musanadule chimene anzanu akukusekani nacho, yambani mwayang'ana pakhomo panu. Alipo wina amene wakhala pansi, sakuona, akudikira kuti kalire.