Mkazi Woiwala Mwamuna Mvula Ikagwa

Kalekale, kuseri kwa phiri lina, kunali mkazi dzina lake Nasimango, amene anali ndi nthenda yodabwitsa. Mvula yoyamba ikangogwa, fungo la dothi n'kumulowa m'mphuno, ankaiwala mwamuna wake. Amayi ake, munda wake, ngakhale nkhuku zake ankazikumbukira, koma mwamunayo ayi.

Mwamunayo, Tsalani, anali mkamwini. Chaka ndi chaka ankatulutsidwa m'nyumba yomanga yekha, mphasa ili m'khwapa, n'kuyambiranso kufunsira, kutuma ankhoswe, kulimira apongozi. Ankhoswe anatopa, anthu ankamuseka, koma pofika masika Nasimango ankamukondanso. Tsalani anachita izi mpaka imvi mbuu, maondo n'kuyamba kukana. Zinali zomvetsa chisoni ndithu.

Atasowa pogwira, Tsalani anapita kutali kukafuna mankhwala, ndipo ulendowo unamudyera chaka. Sing'anga anamupatsa muzu nati, "Akatafuna uwu sadzaiwalanso. Mwamuna amene mkaziyo akumukonda tsiku limenelo ndi yemweyo mpaka kumanda. Koma mvula ikubwerayi ikagwa muzuwu watha mphamvu, ndipo muzu wina kulibe."

Pobwera anapeza zinthu zitatembenuka. Mvula ija inagwa iye kulibe, panalibe womukumbutsa mkaziyo, ndipo tsopano Nasimango ankakonda Kamwaza, wosula makasu. Kumwamba mitambo ya mvula ina inali itayamba kale kuda.

Atamva za muzuwo, Kamwaza anati, "Achimwene, ine sindinabe. Ndinafunsira, anandilola. Ngati mumamukonda, m'patseni achire."

Nasimango anagwada nati, "Bambo inu, sindikukudziwani, koma akuti mwandivutikira kwambiri. Ndatopa kudzuka n'kupeza mlendo pamphasa panga. Chonde ndithandizeni."

Tsalani analira ngati mwana. "Mayi, ndinakufunsirani mpaka mapazi kung'ambika. Mvulayi ikagwa mumuiwala uyu, ndipo ine ndiyambiranso. Kuyambiranso ndiye ndimatha."

Akamupatsa muzuwo lero, mkazi achira, koma akhala wa Kamwaza mpaka kalekale, ndipo zaka zonse zija zapita pachabe. Akamumana, mvula ifufuta Kamwaza, koma mkazi sadzachiranso, ndipo tsiku lina Tsalani adzalephera kudzuka kukafunsira.

Mphezi inang'anima. Dontho loyamba linagwera padzanja logwira muzu lija.

Nanga inu mwamva nkhaniyi, weruzani msanga mvula isanatsike: wokondadi mkazi wake atambasule dzanja, kapena alifumbate?