Mmisiri wa Mabokosi ndi Mbaula

Panali munthu wina, mmisiri wokhoma mabokosi a maliro, wodziwika ndi mtima wofewa. Mabokosi ake ankawakuta ndi fomaika, pepala lolimba lonyezimira lija, pomata ndi guluu wa m'chitini wonunkha ngati petulo. Guluu ameneyu ali ndi lamulo lake. Umapaka pathabwa, umapakanso pafomaika, kenako umazisiya padera mpaka chala chitasiya kumata ukakhudza. Pamenepo m'pamene umaphatikiza. Ukafulumira, fomaika imamatuka.

Tsiku lina, m'nyengo ya chiperoni, kunabwera bambo wina amene mkazi wake anali atamwalira m'mawa womwewo. Kumudzi kunali kutali, ndipo thupi linayenera kunyamuka dzuwa lisanapendeke. Mmisiri anakhoma bokosi, napaka guluu. Koma kunja kunkazizira, mvula ikuwaza, ndipo guluu sankauma. Anakhudza ndi chala, chinamata. Anadikira n'kukhudzanso, chimodzimodzi.

Namfedwa uja anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Amisiri, mayi a ana anga agona pamphasa. Adikire mpaka liti?"

Mmisiri anafuna kunena kuti dikirani, koma ataona maso a munthuyo, mawu anamukanika.

"Musadandaule, achimwene. Ndimuothetsa moto guluuyu, auma pompano."

Anabwereka mbaula kwa mayi wootcha chimanga panja. Anaiika pansi pa benchi, natseka chitseko ndi zenera kuti mphepo isalowe.

Makala sanamukhudze n'komwe guluu. Mpweya wosaoneka wochokera ku guluuyo ndi umene unatsikira pansi n'kuupeza motowo. Kunangomveka kuti phuu! Lawi linathamanga pathabwa, linalowa m'chitini, linagwira utuchi. Anthu anathyola chitseko n'kumukokera panja mmisiri, khungu la m'manja likulendewera. Onse anangoti kukamwa yasa, akuyang'ana mabokosi akupsa limodzi ndi denga.

Galimoto imene inabwera kudzatenga bokosi inanyamula mmisiri kupita naye kuchipatala. Namfedwa uja ndi amene anamugwirizira mutu njira yonse, akungobwereza kuti, "Ndikanadikira ine, amisiri. Ndikanadikira." Maliro ananyamuka mawa lake, m'bokosi logula kwina.

Anzanga, lamulo la guluu mmisiriyu ankalidziwa bwino. Sanali waulesi, sanali waumbombo. Chimene chinamulaka n'kuyang'ana munthu wolira m'maso n'kumuuza kuti dikirani. Nanunso tsiku lina wina adzaima pakhomo panu ndi misozi yeniyeni, kukupemphani kuti mudumphe chimene mukudziwa kuti sichidumphika. Mudzamupatse mpando. Mudzalire naye ngati misozi yabwera. Koma mawu ovutawo mudzawanene ndithu.